Chikolopa ndi Bolodi la Nyenyezi

Inu amene mumadziona ngati mutu wanu ndi wouma, imvani za mtsikana wina amene anzake ankamutcha Chikolopa.

Analephera mayeso omaliza a kusekondale kawiri. Azakhali ake anamupezera ntchito yokolopa payunivesite, ndipo mlungu woyamba womwewo anapalamula. Anapeza bolodi lodzaza manambala, n'kulipukuta mbee ndi kansanza konyowa. Inali ntchito ya milungu itatu ya mayi wina, katswiri wa zakuthambo.

Mayiwo atatulukira, Chikolopa anaima pakhomo akuganiza kuti ntchito yamuthera basi. Mayiwo anagwira m'mutu kwa kanthawi, kenako anamupatsa kope kuti aziwawerengera manambala mokweza iwo akulembanso.

Palibe chimene anatolapo. Iye ankayesa anthu a nyenyezi amakhalira panja, khosi lili m'mwamba. Koma awa ankatandala pakompyuta dzuwa likuswa mtengo, maso ali pa timizere tokwera ndi kutsika. Anamufotokozera kuti makina oonera kutali amajambula nyenyezi imodzi kambirimbiri. Kuwala kwake kukamachepa pang'ono nthawi ndi nthawi, mwina pali dziko lina limene likudutsa kutsogolo kwake.

"Ndiye dzikolo munaliona?" anafunsa Chikolopa.

"Ayi, ndinangoona mthunzi wake m'manambala."

"Pepani amayi, mutu wanga wazungulira."

"Wanganso umazungulira tsiku lililonse," anatero mayiwo. "Ntchito yake ndi yomweyo. Ubwerenso mawa ndi funso lina."

Anabweradi. Mayiwo anamubwereka buku la masamu, ndipo ankaliwerenga nthawi yopuma atakhalira ndowa m'kachipinda kosungira matsache. Tsamba limodzi linkamutengera masiku anayi. Analemba mayeso kachitatu, masamu n'kumugwetsanso. Kachinayi anakhoza, ndipo anamutenga payunivesite yomweyo.

Kunyumba nako kunali chisokonezo. Azakhali ankauza anthu kuti mwana wawo akuphunzira zolosera mvula. Amalume anamukokera pambali kuti awaonere m'nyenyezi ngati adzakwatirenso. Atawauza kuti iye amangoyeza kuwala, anapukusa mutu n'kunena kuti babu la kukhitchini nalonso likufunika kuliyeza.

Lero Chikolopa ndi katswiri wa zakuthambo. Amavomera yekha kuti masiku ambiri amaweruka asanamvetse zimene manambala akumuuza, koma kukacha amapitanso.

Ngati zinthu zakusokonezani, sikuti ndinu mbuli. Funsani, achite kutopa nanu. Musataye mtima.