Chifuwa cha Atate Kuphiri

Lero pamsika wa pa boma ndamva fungo la nsungwi zong'amba kumene, ndipo ndakumbukira atate. Chaka china titatha kukolola, ananditenga kuphiri kukadula nsungwi zolukira nkhokwe. Tinagona komweko m'phanga, iwo akutsokomola monga mwa masiku onse.

Kutacha anandigwedeza paphewa. "Dzuka pang'onopang'ono, mwana wanga. Taona apo."

Gwape ndi kamwana kake ankadya masamba a mame pafupi nafe. Ine ndinali ndisanaonepo gwape wamoyo. Kenaka ndinamva chifuwa cha atate chikubwera. Anavula chipewa n'kuchiluma, mapewa akunjenjemera, misozi ili mbwembwembwe.

"Atate, ingotsokomolani," ndinanong'ona.

Anapukusa mutu, n'kundilozera kamwana kaja. Kanali katayamba kuyamwa.