Ba Tate Akanirira Pansi pa Chitsulo

Mwaswera bwanji nonse. Mverani zimene zachitika kuno ku Estates manje manje.

Mwana wanga Tisa anayamba judo. Kochi wake anamuuza kuti azinyamula chitsulo cholimbitsira thupi chopanda kanthu, chosaikako zolemera, mpaka thupi lizolowere. Ba tate atamuona pa yadi anaseka. "Ife fakitale itangotsegulidwa tinkanyamula masaka a fetereza awiriawiri. Ikako mawilo a simenti, ndikuonetse."

Ba tate anachiika pamapewa, nanjuta bwinobwino. Kubwerera m'mwamba ndiye kunakanika.

Tinathamanga kuchotsa chitsulo, koma iwo anatsala chonjuta pomwepo, manja m'mwamba, ngati chikalipo. Ndikawafunsa akuti, "Ndikuganiza chabe, musauze amayi anu." Amayi anali pakhomo ndi mbale ya nsomba, akuonerera zonse.

Chandikwiyitsa n'chakuti Loweruka ba tate ndiwo akatilankhulire pa malobola a mng'ono wanga Yotamu, ndipo kwa apongozi timakhala pamphasa. Kukhala adzakhala, nanga kunyamuka?

Tisa akuti adzawanyamula yekha, pakuti iye anayambira pachitsulo chopanda kanthu. Inu mukuti shani, tipite naye?