Loko wa m'tauni pachitseko cha ku Sakubva

Amuna anga anali kalipentala woika maloko m'masitolo a azungu ku Umtali, nthawi ya Chitaganya. Masitolo omwewo ife ankatigulitsira pawindo, koma amuna angawo ankawanyadira ngati awo. Tikamadutsa mumsewu ankandilozera zitseko chimodzichimodzi, n'kumandiphunzitsa kuti mphamvu ya loko ili pa kachitsulo ka pafelemu, kamene lilime la loko limalowamo. Kakakhala kopyapyala, kapena masikuluwu ake aafupi, ngakhale mwana atha kugwetsa chitseko. Ine ndinkangovomera, poti mwamuna akamakamba za ntchito yake sumudula pakamwa.

Ku Sakubva, lukisheni ya anthu akuda a mumzindawo, ndinkakhala mozemba. Ndinachokera ku Dedza wopanda chikalata cha ukwati, ndipo mkazi wotere akapezeka mulukisheni ankamubweza kwawo. Tinalipo ambiri, ndipo nzeru yake inali yodziwika. Mwamuna popita kuntchito ankatsekera mkazi m'nyumba, n'kupachika kunja kaloko kolendewera kotchipa. Apolisi a mulukisheni akaona kalokoko ankati mulibe munthu, n'kupitirira.

Amuna anga kaloko koteroko kankawachititsa manyazi. Tsiku lina bwana wawo anawapatsa loko wakale wochotsedwa pasitolo ya nsalu, uja wolowa m'kati mwa thabwa. Anathera Lamulungu lonse akusema chitseko chathu, n'kukhomera pafelemu chitsulo chamkuwa chokhuthala, ndi masikuluwu aatali ngati chala. Mayi wina woyandikana nafe anawachenjeza kuti chitseko chopanda loko wooneka chimauza aliyense kuti mwini wake alimo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma iwo anamuyankha kuti za zitseko azisiyire eni ake.

Ndinali ndi pakati apolisi atabwera m'mawa wina, amuna anga akumanga zingwe za nsapato. Nyumba za maloko olendewera anazidumpha zonse, n'kudzaima pa yathu. Anagogoda, ife zii. Ine ndinabisala kuseri kwa bedi. Kenako anayamba kuponda ndi jombo. Loko sanagonje, chitsulo chija sichinapindike n'komwe. Chinagonja ndi khoma. Felemu yonse inazuka pamodzi ndi njerwa, chitseko n'kugwera m'kati chili chokiya bwinobwino.

Fumbi lisanathe, amuna anga anagwada n'kusisita mkuwa uja.

"Amayi, mwaona? Sichinasunthe," anatero motsitsa mawu.

"Ndaona, bambo," ndinayankha, wapolisi atandigwira kale pamkono.

Amuna anga ndinawakwiyira kwambiri, ndipo mkwiyo umenewo ndinakwera nawo sitima yondibweza kwathu. Iwo anatsala akumanganso khoma, anzanga a maloko otchipa akuphika m'nyumba zawo. Mwana wathu woyamba anabadwira kwa amayi anga ku Dedza. Bambo ake anadzamuona koyamba akuyenda kale, ndipo atamutambasulira manja, mwanayo anathawira kuseri kwa chitenje changa.