Amayi Anasowa Womukhululukira

Mchimwene wanga anali msilikali. Anafera kunja kwa dziko, ku ntchito yosungitsa mtendere, ndipo anabwera m'bokosi limene anatiletsa kutsekula. Titamuika kwathu ku Nsanje tinabwerera ku Chirimba, ndipo amayi anasiya kudya mgonero. Ankati munthu sapita pagome la Ambuye ali ndi chakukhosi, ndipo iwo anali nacho ndi amene anawaphera mwana.

Sikuti anangokhala. Kukhululuka anakugwira ngati kulima munda wouma. Abusa atawauza kuti azimupempherera munthuyo, iwo anayambadi kumupempherera. Poyamba ankamutchula kuti chigawenga, uku akukukuta mano. Kenaka anayamba kunena kuti mwina ndi mnyamata amene anangomugwira mokakamiza, mwina nayenso ali ndi mayi ake, mwina sakuona tulo. Kwathu timadziwa kuti magazi a munthu samusiya wowakhetsa, ndiye amayi anafika pomumvera chisoni. Ine zinkandinyansa, koma ndinkaona kuti ayambiranso kuseka. Anauza abusa kuti mgonero wa pa Pasaka adzadya nawo.

Ndiye kunabwera mnzake wa malemu, amene anali naye limodzi tsiku la imfayo. Anabwera ndi shuga ndi buledi, munthu waulemu wake. Amayi anamufunsa ngati anamuona amene anawombera. Akanangoti ayi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma iye, poganiza kuti akuwatonthoza, anakhuthula zonse. Anati kanali kandege kopanda woyendetsa, koyendera nzeru za kompyuta, kamene amangokaulutsa n'kukasiya kuti kazisaka kokha. Kakaona galimoto yooneka ngati ya asilikali, kamadzigwetsera pomwepo. Amene anakaulutsa mwina anali atapita kale kukadya, osadziwa n'komwe kuti kagwera ndani.

"Ndiye musamavutike mtima, amayi. Palibe amene ankamuda," anatero.

Ndinalakalaka kumugenda ndi buledi wake yemweyo. Amayi anafunsa za amene anapanga kandegeko. Iye anati ndi anthu ambirimbiri a m'mayiko akutali, aliyense kachidutswa kake, ndipo palibe amene anamvapo dzina la malemu. Mpaka lero zimandiwawa kuti anthu ophunzira anakhala pansi n'kupeza njira yophera mwana wa munthu popanda wosenza mlandu. Mnyamata amene amayi anavutika naye m'mapemphero uja anangozimiririka, iwo n'kutsala ndi mkwiyo wopanda pougwetsera.

Pasaka itakwana ndinakhala nawo pafupi m'tchalitchi, gome la Ambuye litayalidwa kutsogolo. Mkulu wa mpingo atafika ndi mbale ya mkate, amayi anapinda manja. Mkuluyo anadikira pang'ono n'kupitirira. Potuluka ndinawafunsa kuti akusungirabe ndani chakukhosi, poti munthu wake palibe.

"Alipo mmodzi amene anaona zonse, mwanangu, ndipo mtima ali nawo," anatero. "Ndi mwini wake gomelo."