Sultani wa ku Kilwa pa Nsanjika ya Khumi

Chaka changa chachiwiri ku Canada ndinkasamalira bambo ena okalamba ku North York. Anali Msilamu wobadwira ku Zanzibar, ndipo kale ankaphunzitsa mbiri yakale. Ndinkafika m'mawa pa basi, kukwera mpaka nsanjika ya khumi, kuwasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwapatsa mankhwala.

Mayina a zidzukulu zawo anali atawathawa m'mutu. Koma moyo wa mfumu ina ya Chisilamu, sultani amene ankalamulira chilumba cha Kilwa zaka mazanamazana zapitazo, ankaukumbukira wonse. Ndikangowapaka sopo kumaso, nkhani inkayamba.

Ankati sultaniyo ali mnyamata anapita ku Arabiya kukaphunzira, ndipo atabwerako analowa ufumu. Golide wochokera cha ku Zimbabwe ankadutsa padoko lake. Anakuza mzikiti, namanga nyumba yachifumu pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, ya zipinda zambirimbiri ndi dziwe losambiramo. Nyumbayo sanaimalize. Anali wopatsa kwambiri, moti tsiku lina Lachisanu akutuluka mumzikiti, wopemphapempha atamupempha zovala zimene anavala, sultaniyo anabwerera mumzikitimo, navula, nam'patsa.

Nkhani ya zovalayi ndinaimva mwina tsiku lililonse. Ina ndinaimva kamodzi kokha. Tsiku limenelo kunja kunkagwa chipale, ndipo ndinali kuwaveka masokosi pamene anatchula kuti sultaniyo ankapitanso kukathira nkhondo kumtunda, n'kubwerako ndi katundu ndi anthu ogwidwa.

"Anthu akumtundawo anali ndani, bambo?" ndinafunsa.

"Osapembedza," anayankha msanga, ngati ali m'kalasi.

"Ndiye kuti anthu ngati akwathu."

Anandiyang'ana. "Kwanu n'kuti kodi, mwanangu?"

Ndinawauza kuti ku Ntcheu, monga ndinkawauzira sabata iliyonse.

"Ayi, sankafika kutali choncho," anatero. Kenaka anawonjezera chapansipansi kuti zimene sultaniyo anapatsa osauka zija zinkachokera kumeneko, ndipo iwo pophunzitsa sankauza ana asukulu mbali imeneyo. Ndinamaliza kuwaveka, n'kupita kukatenthetsa tiyi. Sindinakwiye. Mawa lake anabwerera ku nkhani ya zovala.

Chipale chitasungunuka, mwana wawo wamkazi anawasamutsira ku nyumba yosungirako okalamba ku Markham, kufupi ndi kuntchito kwake. Ine mabwana anga ananditumiza kwa mayi ena a ku Oshawa amene sankalankhula n'komwe. Ndinkapita pa sitima, ndipo ulendo wake unali wautali.