Waya wa Kabokosi ka pa Thanki

Zimenezi sindinauzepo munthu. Ndimalondera thanki ya madzi ku Area 25. Kale anthu ankabwera kudzawerenga mamita, ndipo tinkacheza. Atangoika kabokosi kotumiza uthenga ku ofesi wonena mmene madzi akuyendera m'mapaipi, anasiya kubwera. Amatuma munthu pokhapokha kabokosiko kakakhala chete.

Tsiku lina ndinazula waya wake. Kunabwera mmisiri, a Nyirenda, atanyowa ndi mvula, atasiya akazi awo kuchipatala.

"Abambo, kuno kuli makoswe?"

"Ambiri," ndinatero ine, khoswe wa imvi, ndikuwathirira tiyi.

Analumikiza wayayo, anamwa tiyiyo chiimirire, n'kuthamangira minibasi.

M'mawa mwake ndinakagula msampha, n'kuutchera pansi pa kabokosiko, kuti akadzabweranso adzauone.