Masamba Pamsewu, Mwana Ali ku Kongo

Ine pakamwa panga sipatsekeka, aliyense wa pa Lizulu angakuuzeni. Ndagulitsa kachewere pamsika uja kuyambira ndili ndi mwana kumsana, ndipo palibe kondakitala wa minibasi amene anandipondera mulu n'kuchoka osamva mawu anga. Koma chaka chimene mwana wanga wachiwiri anatsekeredwa ku Kongo, ndinakhala duu ngati ndabwira ufa.

Mwanayo ndi msilikali. Anamutumiza ndi anzake kukasungitsa mtendere, monga mmene ankanenera pa wailesi. Tsiku lodzatsanzika ndinamufunsa kuti, "Kodi anthu a ku Kongoko anatilakwira chiyani ife?"

Iye anaseka. "Sitikupita kukamenya nkhondo ayi, amayi. Tikukatchinjiriza anthu wamba. Mayiko angapo agwirizana, tikhala ambiri, ndipo zikavuta alonjezana kuti adzathandizana."

"Nanga ukakana?"

"Msilikali sakana, amayi. Akati nyamuka, umanyamuka."

Bambo ake anamwalira kalekale, ndiye nkhani zonse za ana anga zimadzera kwa achimwene anga aakulu, amene ndi atsibweni awo. Achimwenewo anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo mpaka lero amaona ngati dziko lonse lapansi analizungulira. Masiku a msika amabwera ndi kawailesi kawo, n'kukhala pa thumba la kachewere kumbuyo kwanga, osagula kanthu, osagulitsa kanthu, ntchito kutsutsana ndi anthu basi.

Mnzawo wotsutsana naye anali bambo wina wogulitsa anyezi, wa tsidya la msewu. Pa Lizulu msewu wa tala ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambiki. Bamboyu anathawira kuno ali mwana nthawi ya nkhondo ya kwawo, n'kukulira mumsasa wa anthu othawa, kenako n'kubwerera. Mwana wanga atangonyamuka, awiriwa anapeza nkhani yoti azitafuna.

Achimwene ankati, "Mphwanga wapita kukagwira ntchito yaulemu. Dziko likasaina pangano, lasaina. Lero tikathandiza anzathu, mawa zikatiyakira kuno nawonso adzabwera."

Bambo wa anyezi ankangopukusa mutu. "Adzabwera? Ine nkhondo ndinaiona ndi maso angawa, akulu. Asilikali achilendo anabweradi kwathu, koma anabwera kudzalondera njanji. Mudzi wathu unapsa iwo ali pomwepo, njanji yokha ndiyo sinakhudzidwe."

"Ndiye mukuti tingopinda manja anthu akuphedwa?"

"Sindikutero. Ndikuti amene amasaina sindiwo amene amagona m'maenje."

"Komatu mukanafa inu, tikanapanda kukutsegulirani khomo kuno."

"Munatitsegulira khomo, zikomo. Koma munatipatsa ufa, simunatitumizire mfuti."

Masiku oyambawo nanenso ndinkaponyamo mawu. Ndinkawauza kuti onse awiri ndi anthu osowa chochita, achoke azikatsutsana kwina, akundithamangitsira makasitomala. Koma kunena zoona, achimwene akati mphwanga ndi ngwazi, mtima wanga unkakoma.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Wailesi inati zigawenga zalanda mzinda umene ana athu ankalondera, ndipo asilikali athu azunguliridwa mumsasa mwawo. Patapita masiku awiri, mwana wanga ananditumizira mawu pa foni, aja ojambula. Ankalankhula motsitsa.

"Amayi, ndili moyo. Tili mkati mwa mpanda, sitikutuluka. Pachipata pali anthu aja ndi mfuti zawo, ngakhale madzi akulowa iwo akalola. Koma chonde, mawu angawa musatumizire munthu, musauze aliyense, ngakhale atsibweni. Atiletsa. Akamveka pamsika n'kufika pa wailesi, ine ndiye ndili m'madzi."

Ndinamvera mawuwo kasanu kapena kasanu n'kamodzi, foni nditaikanikiza kukhutu, ndili kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba. Mwanayo ankawadziwa bwino atsibweni ake. Kuwauza iwo kanthu n'chimodzimodzi kulengeza pa chimkuzamawu.

Ndiye tangoganizani. M'mawa ndikuyala kachewere, kumbuyo kwanga anthu awiri akukangana za moyo wa mwana wanga, ine amene ndikudziwa zoona zake ndili chete. Achimwene ankati, "Musaope, mayiko aja atumiza ndege sabata ino. Pangano ndi pangano." Ine ndikufuna kukuwa kuti ndege yake iti, mwana akusowa ndi madzi akumwa omwe! Bambo wa anyezi ankati, "Palibe akubwera. Aliyense akuyang'ana mnzake kuti ayambe ndani." Apanso ndinkafuna kumuponyera ndowa, chifukwa ankanena zimene ndinkaziopa.

Tsiku lina achimwene ananditembenukira. "Kodi inu achemwali, mwangoti zii bwanji? Dziko lino ndi laufulu tsopano, tinavota tokha. Lankhulani maganizo anu."

Ndinati, "Ufulu wolankhula uli ndi inu amene ana anu ali pakhomo."

Sanandimvetse. Anangoti ndayamba mwano, n'kukweza wailesi yawo.

Pambuyo pake zinamveka kuti ena mwa asilikali athu afa, koma maina sanatchulidwe, ati mpaka abale auzidwe kaye. Foni ya mwana wanga inasiya kupezeka. Ndinkaimba m'mawa, masana, madzulo, kamayi ka mu foni kaja n'kumangondiuza zomwezomwezo mpaka ndinayamba kukatukwana.

Kwathu munthu salira maliro uthenga usanafike. Uthenga umafikira kwa mwinimbumba, amene kwa ife ndi achimwene, iwo n'kukauza amfumu, ndipo pamenepo m'pamene amayi amayamba kulira. Ukalira zisanatero, anthu amati ukumulosera imfa mwana wako. Choncho kulira sindikanatha. Kuseka sindikanathanso. Amayi a mumphakati wathu ankabwera madzulo dzuwa lisanalowe kudzapemphera nane kolona, koma akamaliza ankangokhala pakhonde, miyendo atatambasula, maso pansi. Ndinawathamangitsa tsiku lachitatu. Ndinati, "Amayi inu, nyamukani, mwakhala ngati pasiwa. Pano palibe wafa." Anachoka okhumudwa, ndipo ine nditatseka chitseko ndinaluma chitenje kuti mawu asatuluke.

Tsiku lachisanu ndinapita kumsika monga mwa masiku onse, chifukwa kukhala pakhomo kunkandipengetsa. Achimwene sanabwere, mwendo unkawavuta. Cha m'ma 2 koloko ndinalongedza, n'kukwera kabaza wa bambo wina amene amandinyamula kawirikawiri. Tinasiya tala, tinatsika kamsewu kafumbi kopita kwathu, tinadutsa pamjigo. Pamjigopo panalibe munthu ngakhale mmodzi, zidebe zili mbwee. Ndisanaganize kanthu, njinga inaima.

Patsogolo pathu, pokhotera kunyumba kwanga, panali masamba. Nthambi zaziwisi atazigoneka mopingasa msewu, monga timachitira pakagwa maliro, kuti odutsa atsike panjinga, avule zipewa. Mzere wina unali cha kumtunda, kupitirira nyumba ya achimwene. Pakati pa mizere iwiriyo pali nyumba ziwiri zokha, yanga ndi yawo. Ndipo pabwalo la achimwene panaima galimoto yobiriwira ya asilikali.

Wakabaza uja anatsika, navula chipewa, osandiyang'ana. Ine sindikumbuka kuti ndinatsika bwanji. Ndikukumbuka kuti patapata mmodzi anatsalira pomwepo ndipo sindinabwerere kukamutola. Amayi a m'mudzi anali ataunjikana kale pansi pa mtengo wa pichesi pakhomo panga, ena atamanga zitenje m'chiuno, akungodikira kuti wina ayambitse. Atandiona, awiri anathamanga kudzandigwira m'mapewa. Ndinawakankha. Ndinati, "Ndisiyeni! Sindinauzidwe kanthu ine!"

Ndinalowa kwa achimwene osaodira. Munali asilikali atatu, zipewa zili pamaondo, wina wachikulire wa imvi m'mbali. Achimwene anali pampando wawo, thukuta lili kamukamu. Munthu amene amatha kulankhula kuyambira m'mawa mpaka msika kutha, tsiku limenelo anangokwanitsa mawu atatu.

"Si iyeyo, achemwali."

Sindinamve. Anabwerezanso. Kenaka msilikali wachikulire uja anafotokoza mwaulemu. Ankafuna banja lina, la m'mudzi wa kuseri kwa phiri, ndipo njira sankaidziwa bwino. Atafika pamjigo anafunsa kuti kwa mayi amene mwana wawo ali ku Kongo ndi kuti. Amayi a pamjigo, podziwa ine ndekha, analoza kwathu, n'kunena kuti uthenga ukafikire kwa atsibweni. Galimoto isanazime n'komwe, anthu anali atathyola kale nthambi. Mpaka pamene anatchula dzina m'nyumbamo, m'pamene zinadziwika kuti asokera.

Ndinati, "Tchulaninso dzinalo."

Analitchula. Silinali la mwana wanga.

Mulungu andikhululukire, ndinaseka. Ndinakhala pansi pa simenti n'kuseka, misozi ili chuchuchu, ndikuwomba m'manja. Dzina limene linatchulidwalo ndinkalidziwa. Mayi ake timakumana kutchalitchi ansembe akabwera kuchokera ku Nzama, amaimba kwaya, mayi wamfupi wa mpata kumano. Sindinkadziwa kuti nayenso mwana wake ali komweko, chifukwa nayenso anauzidwa kuti asauze munthu. Koma nthawi imeneyo sindinamuganizire ngakhale pang'ono. Ndinangoti zikomo Ambuye, zikomo Ambuye, ngati kuti Ambuyewo achita bwino kusankha wa mnzanga.

Nditapezako mpweya ndinagwira dzanja la msilikali uja. "Nanga wanga ali bwanji? Abwera liti?"

"Pa maina amene tapatsidwa palibepo, mayi. Akuluakulu a mayiko akukambirana. Pepani, zoposa apa sindingathe kunena, ndipo zina nanenso sindikuzidziwa."

Ndinamuyang'ana, ndipo ndinaona kuti sakunama. Nayenso anali womangika ngati ine.

Ndinatuluka n'kupita kumsewu ndekha. Nthambi zija ndinazikoka imodziimodzi n'kuziponya m'munda, ndikukalipa. Ndinawanena amayi a pamjigo, ndinawanena amene anathyola nthambi, ndinati mukufuna kundiphera mwana ndi changu chanu chopusacho. Achimwene anakwera galimoto ija kukawalozera njira, chifukwa panalibenso wina wolimba mtima. Tinaiona ikukwera chitunda pang'onopang'ono, mpaka inakhota. Sipanapite nthawi yaitali, mphepo inabweretsa kulira kuchokera kuseri kwa phiri.

Kuyambira tsiku limenelo achimwene anasiya kubwera ndi wailesi kumsika. Bambo wa anyezi anawafunsa tsiku lina kuti, "Nanga ndege zija, akulu?" Iwo anangoti, "Zisiyeni." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Komabe wina amayenera kupita. Anthu akumeneko nawonso ndi ana a eni." Bambo wa anyezi anati, "N'zoona. Ndipo ndikanakhala ine wozunguliridwa, bwenzi ndikupemphera kuti abwere." Aka kanali koyamba kuwamva akugwirizana, ndipo kunandiopsa kuposa kukangana kwawo.

Patatha sabata, mwana wanga anatumizanso mawu, aafupi kwambiri. Anali moyo, anali akadali mumpanda muja, ndipo anabwerezanso kuti ndisauze munthu.

Thupi la mnzake womwalira uja linachedwa kufika, chifukwa ngakhale akufa ankadikira chilolezo cha anthu a pachipata aja. Litafika, tonse tinapita kukaika. Bokosi linali lokutidwa ndi mbendera, ndipo silinatsegulidwe. Akuluakulu analankhula za ungwazi ndi za mtendere wa mayiko, asilikali anaomba mfuti kumanda, ana n'kubalalika ndi mantha. Ine ndinkafuna kukhala kumbuyo, koma amayi a mumphakati anandikankhira m'nyumba ya siwa, ati ndinu amene mungamumvetse mnzanuyo.

Mayi wa kwaya uja ndinamupeza atatsamira khoma, mawu atamuthera. Ndinagwada n'kumugwira dzanja. Ndinkaopa kuti wina anamuuza kale zoti ndinaseka, ndipo ndinali wokonzeka kuti anditukwane pamaso pa anthu. Akanatero bwenzi zitandipepukira.

Koma iye anandikokera pafupi n'kundinong'oneza. "Wanu uja akumaimba foni?"

Ndinayang'ana amayi amene anadzaza m'nyumbamo, makutu ali tcheru. Foni inali m'chitenje changa, pamimba, mawu a mwana wanga ali momwemo.

"Ndikungofuna kudziwa ngati anali naye pafupi," anatero. "Ngati wangayu ananenako kanthu."

Ndinatsegula pakamwa, ine wa pakamwa posatseka uja, ndipo ndinati, "Sakuimba, amayi. Sindinamvepo chilichonse."

Anagwedeza mutu, n'kundisisita dzanja. "Limbani mtima," anatero. "Aimba."